Sukulu ya pabalaza: zomwe lamulo la ku South Africa limafuna kwa kholo lophunzitsa mwana pakhomo

Ulamuliro wa tsankho utatsala pang'ono kugwa ku South Africa, khothi lina linatumiza kundende bambo ndi mayi a banja limodzi, Andre ndi Bokkie Meintjies. Sanabe ndipo sanamenye munthu. Mlandu wawo unali wakuti ankaphunzitsa ana awo kunyumba m'malo mowatumiza kusukulu. Mwamuna anamutsekera kwake, mkazi kwake, ndipo ana anawatengera kumalo osungirako ana amasiye ngakhale kuti makolo awo anali moyo. Anatuluka patatha miyezi ingapo, anthu a m'dzikomo ndi akunja atachita phokoso.

Sipanapite zaka zambiri zinthu zinatembenuka. Mu 1996 boma la Nelson Mandela linakhazikitsa lamulo latsopano loyendetsera sukulu, South African Schools Act, ndipo gawo 51 la lamuloli linavomereza kuti mwana akhoza kuphunzira kunyumba. Chilolezocho chinabwera ndi chingwe chake: kholo liyenera kukalembetsa mwanayo kuboma. Mkangano wonse wa zaka pafupifupi 30 zapitazi wakhala uli pa chingwe chimenechi, kuti chitalike bwanji komanso achigwire ndani.

Poyambira penipeni ndi gawo 3 la lamulo lomweli, lomwe limakakamiza kholo lililonse kuonetsetsa kuti mwana akupita kusukulu. Kale udindowu unkayamba m'chaka chomwe mwana akukwanitsa zaka 7. Lero umayamba m'chaka chomwe akukwanitsa zaka 6, mu kalasi yokonzekera yomwe kumeneko amati Giredi R, ndipo umatha kumapeto kwa chaka chomwe mwana wakwanitsa zaka 15 kapena wamaliza Giredi 9, malinga n'chomwe chayamba kuchitika. Mwana wa msinkhu umenewu ali ndi malo atatu okha omwe lamulo limawadziwa: sukulu ya boma, sukulu yoyima payokha yolembetsedwa, kapena kunyumba atalembetsedwa. Akapezeka kwina kulikonse, kholo ndiye lili ndi mlandu.

Kusintha kwa zakaku kunabwera ndi lamulo lomwe aliyense kumeneko amangoti BELA, chidule cha Basic Education Laws Amendment Act. Bilu yake inayamba kumveka mu 2017, pomwe nduna ya maphunziro inali Angie Motshekga, ndipo inatenga zaka zisanu ndi ziwiri ikukokedwakokedwa. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaisainira pa 13 September 2024, koma nduna yatsopano ya maphunziro, Siviwe Gwarube wa chipani cha DA, sanapite n'komwe ku mwambowo posonyeza kusakondwa kwake. Phokoso lalikulu linali pa ndime ziwiri, ya chiyankhulo chophunzitsira ndi ya kalembedwe ka ana m'sukulu, zomwe pulezidenti anaziimitsa kaye kwa miyezi itatu. Lamulo lonse linayamba kugwira ntchito mu December 2024. Pomwe manyuzipepala ankalimbana ndi nkhani ya sukulu za chiAfrikaans, zomwe ndime ziwirizo zinkakhudza, mabanja ophunzitsa ana kunyumba maso awo anali pa ndime ina, yomwe inalembanso gawo 51 lonse.

Ndiye kholo liyenera kuchita chiyani? Choyamba ndi kulemba fomu yopempha chilolezo kwa mkulu wa nthambi ya maphunziro m'chigawo chomwe likukhala. South Africa ili ndi zigawo 9, ndipo chilichonse chili ndi nthambi yakeyake ya maphunziro. Wokhala ku Johannesburg kapena ku Pretoria amapempha ku Gauteng, wa ku Durban ku KwaZulu-Natal, wa ku Cape Town ku Western Cape. Kulembetsaku n'kwaulere.

Fomuyo siyenda yokha. Unduna umafuna makope odindidwa a chiphaso cha kholo ndi satifiketi yobadwira ya mwana, ndipo kudinditsako ambiri amakachitira kupolisi. Umafunanso lipoti lomaliza la kusukulu ngati mwanayo anaphunzirapo kwina, kapena khadi la katemera ngati akungoyamba kumene. Kwa mlendo m'dzikomo pamafunika makope a pasipoti ndi chilolezo chokhalira, kaya cha ntchito, cha maphunziro kapena chothawira kwawo. Kenaka pamabwera mapepala omwe amaonetsa ngati kholo laganizadi mofatsa: ndandanda ya sabata yosonyeza maola omwe mwana aziphunzira tsiku lililonse, kagawidwe ka matemu komwe masiku ophunzira ayenera kukwana 196 pa chaka, ndi dongosolo la maphunziro lomwe banjalo lizitsatira. Munthu amene ankaganiza kuti kuphunzitsa mwana kunyumba n'kungomugulira mabuku awiri n'kumusiya pamphasa amadzidzimukira pomwepa.

Mkulu wa maphunziro uja sangokana kapena kulola mmene wadzukira. Lamulo limati ayenera kuvomera akakhutira ndi zinthu zingapo. Kuphunzira kunyumbako kukhale kokomera mwanayo. Kholo likhale lomvetsa chomwe likulowa ndipo livomere kusenza udindo wonse. Dongosolo la maphunziro ligwirizane ndi zaka za mwana, kalasi yake ndi nzeru zake, komanso zomwe aziphunzira zisachepere pa zomwe zili m'silabasi ya boma, yomwe imadziwika kuti CAPS. Apa n'pofunika kumvetsetsa, chifukwa ambiri amasokoneza: lamulo silikunena kuti banja lizitsatira CAPS tsamba ndi tsamba. Likunena kuti chomwe banja lasankha chikhale cholingana nayo pa kulemera kwake. Banja likhoza kutsatira silabasi ya Cambridge kapena ina yochokera ku America, bola lionetse kuti mwana wa Giredi 4 sakutsalira pa masamu ndi kuwerenga poyerekeza ndi mnzake wa kusukulu.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti kholo silifunsidwa satifiketi ya uphunzitsi. Mayi amene sanapondeko kukoleji akhoza kulembetsa mwana wake, ndipo lamulo limamulola kulemba ntchito mphunzitsi wapadera woti azithandiza pa phunziro lomwe iye likumuvuta. Chachikulu n'chakuti chiwongolero chikhale m'manja mwa kholo ndipo maphunziro ambiri azichitikira pakhomo pa mwanayo.

Nkhani ya kuyendera makomo inavuta kwambiri pa zokambirana za bilu ija. Mabanja ambiri sankafuna kuti wogwira ntchito m'boma azilowa m'nyumba zawo n'kumasuzumira kuchipinda ndi kukhitchini. Zomwe zinatsala m'lamulo n'zakuti mkulu wa maphunziro akhoza kutuma munthu kukakambirana ndi makolo pamodzi ndi mwana asanawalembetse, pofuna kutsimikiza zomwe alemba pa fomu ndi kuwathandiza ngati pakufunika kutero.

Pali ndime ina yomwe makolo ayenera kuidziwa pamtima, chifukwa imawateteza ku ulesi wa m'maofesi. Mkulu wa maphunziro akakhala chete kwa masiku 60 chilandirireni fomu, lamulo limatenga kuti pempholo lavomerezedwa. Aliyense amene anayendapo m'maofesi a boma, kaya ku Pretoria kaya kwina, akudziwa kufunika kwa ndime yotereyi. Pempho likakanidwa, kapena mwana akachotsedwa m'kaundula, kholo lili ndi masiku 30 ochitira apilo kwa nduna ya maphunziro ya m'chigawomo, yomwe amaitcha MEC.

Chilolezo chikatuluka ndiye kuti ntchito yayamba. Ndondomeko ya unduna yokhudza maphunziro a kunyumba, yomwe inatuluka mu November 2018, imafuna kuti kholo lizisunga kaundula wa masiku omwe mwana waphunzira, fayilo ya ntchito zomwe walemba, ndi umboni wa mayeso ang'onoang'ono a mkati mwa chaka komanso a kumapeto kwake. Tebulo lomwe banja limadyerapo nsima madzulo limasanduka desiki m'mawa, ndipo pakona payenera kukhala kabati kapena katoni yosungiramo makope odzadza, mapepala ochongedwa ndi zojambula za mwana, chilichonse chili ndi deti lake. N'zotopetsa, koma tsiku lomwe mwana adzafune kubwerera kusukulu wamba, katoni imeneyo ndi yomwe idzamuyankhulire pamaso pa hedimasitala wofuna kudziwa kalasi yomuyika.

Pamwamba pa zimenezi BELA inawonjezera woyesa wochokera kunja kwa banja. Maphunziro a ku South Africa amagawidwa m'magawo: loyamba limathera Giredi 3, lachiwiri Giredi 6, lachitatu Giredi 9. Kumapeto kwa gawo lililonse kholo liyenera kupeza munthu woyenerera kuti ayese mwanayo, kenaka lipoti lake lipite kwa mkulu wa maphunziro. Woyenererayo ndi mphunzitsi wolembetsedwa ku bungwe la aphunzitsi la SACE, kapena munthu kaya bungwe lovomerezeka ndi SAQA, yomwe imayang'anira masatifiketi m'dzikomo. Wolipira woyesayu ndi kholo.

Nanga wosalembetsa? Kale kholo lolepheretsa mwana kupita kusukulu popanda chifukwa chomveka linkatha kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka miyezi 6. BELA inakweza chilangocho kufika pa miyezi 12, ndipo khothi likhoza kupereka zonse ziwiri, chindapusa ndi ndende. Mwana wolembetsedwa kuti aziphunzira kunyumba satengedwa ngati wojomba, choncho pepala la chilolezo lija ndi lomwe limasiyanitsa kholo lophunzitsa ndi kholo lolakwira lamulo, ngakhale onse awiri ana awo atakhala pabalaza nthawi ya 10 koloko m'mawa.

Komabe mabanja ochuluka akhala asakulembetsa. Kalembera wa anthu wa 2011 anapeza ana pafupifupi 57,000 ophunzira kunyumba, pomwe m'makaundula a zigawo munali ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengerochi. Ena ankaopa kuti akadzionetsa adzakanidwa pa zifukwa zosadziwika bwino. Ena ankati maofesi amawafunsa zinthu zomwe m'lamulo mulibe, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi kachitidwe kake. Bungwe la Pestalozzi Trust, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 kuti liziteteza mabanja otere pa milandu ndipo linatenga dzina la mphunzitsi wakale wa ku Switzerland, Johann Heinrich Pestalozzi, lakhala likutsutsa mbali zambiri za BELA. Mfundo yawo ndi yakuti woyamba kudziwa chokomera mwana ndi kholo, osati kalaliki wa kuofesi amene mwanayo sanamuonepo. Amadandaulanso ndi ndalama zolipira oyesa, ndiponso kuti mawu oti maphunziro akhale olingana ndi a boma akhoza kusanduka khomo lokakamizira CAPS pa aliyense.

Madandaulo amenewa si opanda pake, makamaka la ndalama. Koma mbali ya boma nayo ili ndi mutu. Malamulo aakulu a dzikolo, mu gawo 29, amati maphunziro oyambirira ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo gawo 28 limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, chokomera mwanayo ndicho chiyenera kutsogola. Ufuluwo ndi wa mwana, si wa kholo. Kusukulu mphunzitsi amaona mwana amene wabwera ndi mabala, amene akuwonda, kapena amene wafika zaka 10 asakutha kuwerenga dzina lake. Mwana wa kunyumba alibe diso lachilendo lotere, ndipo pakati pa makolo ambiri akhama sipalephera kupezeka mmodzi amene akubisa nkhanza kapena akugwiritsa mwana ntchito pashopu ponamizira sukulu ya pakhomo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuyesa mwana katatu pa zaka khumi si katundu wolemera kwambiri poyerekeza ndi zomwe zingabisike popanda kuyesako. Ndipo South Africa ndi yofewa tikaiyika pambali pa Germany, komwe kuphunzitsa mwana kunyumba n'koletsedwa, moti mu 2019 khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti boma la Germany silinalakwe pomwe linachotsa kwa kanthawi ana a banja la Wunderlich m'manja mwa makolo awo pa nkhani yomweyi.

Zifukwa zomwe mabanja amasankhira njirayi n'zosiyanasiyana. Oyambirira ambiri anali Akhristu ofuna kulera ana m'chikhulupiriro chawo, komanso alimi a m'mafamu akutali ndi tauni. Lero muli makolo a ana olumala kapena ovutika kuphunzira m'kalasi ya ana 50, makolo a ana omwe anzawo ankawazunza, ndi a ana ochita masewera omwe amakhala pa ulendo nthawi zambiri. Ku Gauteng ndi ku Western Cape, mwezi wa January uliwonse kumakhala makolo pa mizere m'maofesi a maphunziro chifukwa ana awo sanapeze malo. Mliri wa Covid-19, womwe unatseketsa sukulu mu March 2020, unachititsanso mabanja ambiri kulawa kuphunzitsa pakhomo, ndipo ena sanabwererenso.

Chomwe otsatsa malonda a maphunziro a pa intaneti sakonda kutchula ndi chakuti boma siliperekapo kanthu. Mwana wa kusukulu ya boma ya m'dera losauka salipira fizi, amalandira mabuku, ndipo amadya chakudya chamasana pansi pa ndondomeko yomwe imadyetsa ana oposa 9 miliyoni. Wa kunyumba zonsezi zimachokera m'thumba la kholo: mabuku, intaneti, woyesa, mphunzitsi wapadera, kuphatikizapo malipiro a kholo lomwe lasiya ntchito kuti likhale ndi mwanayo.

Msampha waukulu uli kumapeto. Lamulo la kulembetsa limathera pa Giredi 9 kapena zaka 15, ndipo kuchokera pamenepo boma silikakamizanso kanthu. Koma satifiketi yomwe olemba ntchito ndi mayunivesite amafuna ndi ya Giredi 12, yomwe aliyense amati matric, ndipo imeneyi kholo silingailembe pakhomo. National Senior Certificate ndi maphunziro a zaka zitatu, Giredi 10 mpaka 12, ndipo m'maphunziro ambiri gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi omaliza limachokera ku ntchito za mkati mwa chaka zomwe zachongedwa movomerezeka. Mwana sangangotulukira mu November n'kupempha pepala la mayeso. Ayenera kulembetsa, kuyambira Giredi 10, ku bungwe lophunzitsa patali lomwe lili pansi pa limodzi mwa mabungwe oyesa mayeso oyima paokha, SACAI kapena IEB, omwe nawo amayang'aniridwa ndi Umalusi, bungwe lomwe limadinda satifiketiyo. Makampani monga Impaq ndi Brainline amagwira ntchito imeneyi, ndipo si yaulere. Njira ina ndi mayeso a Cambridge, a IGCSE ndi AS Level, koma wofuna kulowa nawo yunivesite ya m'dzikomo ayenera kupeza kalata yomuvomereza kuchokera ku bungwe la mayunivesite, Universities South Africa, lomwe lili ndi malamulo ake a maphunziro oyenera kuphatikiza. Wophonya njira zonsezi amadikira mpaka atakwanitsa zaka 21 kuti alembe mayeso a akuluakulu. Banja lanzeru limayamba kuganizira za matric mwana akadali Giredi 7 kapena 8.

Pali chinthu china chomwe chimafanana ndi sukulu ya pakhomo koma lamulo silichiona choncho. M'matauni ambiri muli timasukulu ta m'magalaja ndi m'zipinda za kuseri, momwe munthu mmodzi amasonkhanitsa ana a mabanja khumi kapena kuposerapo, n'kumawaphunzitsa tsiku lonse makolo ali kuntchito, mwezi ukatha n'kulandira ndalama. Eni ake amakonda kunena kuti amangothandizira ana ophunzira kunyumba. Koma ngati mwana amapita kumeneko tsiku ndi tsiku ndipo kholo silikuphunzitsa chilichonse, imeneyo ndi sukulu yoyima payokha, ndipo gawo 46 la lamulo la sukulu la 1996 lija limaletsa kuyendetsa sukulu yotere osailembetsa. Ikatsekedwa, olira ndi ana, chifukwa malipoti ake sukulu zina zikhoza kuwakana.

Apa m'pomwe nkhaniyi ikukhudza Amalawi, anthu a ku Zambia, a ku Mozambique ndi a ku Zimbabwe omwe ali ku Joni. Kholo lomwe mapepala ake sali bwino limaopa geti la sukulu ya boma, ndiye limasunga mwana m'nyumba kapena kumupereka ku kasukulu ka m'galaja, n'kumadzitonthoza kuti akuphunzira pakhomo. Pamaso pa lamulo mwana ameneyo sali pasukulu iliyonse. Chomwe makolo otere ayenera kudziwa n'chakuti mu December 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu womwe bungwe la Centre for Child Law linasumira nduna ya maphunziro, linagamula kuti mwana wopanda satifiketi yobadwira kapena mapepala okhalira m'dzikomo ali ndi ufulu wophunzira ngati wina aliyense, ndipo sukulu ya boma siyenera kumubweza pa chifukwa chimenecho. BELA nayo inaika m'lamulo kuti mwana aloledwe kuphunzira ngakhale kholo lisanapereke mapepala onse. Choncho kwa banja lopanda mapepala, khomo la sukulu ya boma ndi lotseguka kuposa la maphunziro a kunyumba, komwe fomu yake imafunsa pasipoti ndi chilolezo.

Kwa amene mapepala ali nawo, nthawi ali nayo, ndipo atsimikiza mtima, fomu imapezeka ku ofesi ya maphunziro ya chigawo komanso pa intaneti. Poipereka, pemphani chidindo kapena kalata yosonyeza tsiku lomwe ailandira, ndipo muisunge bwino, chifukwa masiku 60 aja amayamba kuwerengedwa kuchokera pa tsiku limenelo.